Senderani, Victoria Alowe

Amuna anga, a Ezara, chimene sanachione ndi maso sachikhulupirira, kupatula Mulungu. Ndiye mwana wathu Victoria atapeza malo kusukulu ya zamagetsi ku Lilongwe, iwo anakana kwamtuwagalu.

"Ukaphunzire chinthu chosaoneka? Kachewere ndiye amaoneka. Undiuze chimene chimayenda m'waya wa sola uyu mpaka ndimve. Ndikapanda kumva, khasu lako lili apo."

Ine mtima unandiwawa, poti mwanayo sukulu imeneyi ankaifuna ndi mtima wonse.

Victoria anayesa. Anati m'waya muli tinthu tating'onoting'ono totchedwa maatomu, ndipo atomu iliyonse imazunguliridwa ndi maelekitironi. Maelekitironi akunja kwenikweni sakhazikika, amachoka pa atomu ina kupita pa inzake.

"Ndiye kanthu kako kameneko kamathamanga kuchokera ku batire mpaka ku babu m'kuphethira kwa diso? Bodza!" anatero bambo ake, n'kunyamula khasu ulendo wa kudimba.

Lamulungu tinapita ku Misa. Kuno ku Kaphuka mu Juni timakhala mothithikana pabenchi, wina kuwothera mnzake. A Misheck, amene thupi linawayanja, anafika mochedwa n'kudzipanikiza kumapeto kwa benchi la azibambo. Amuna anga, amene anali kumapeto enawo, anangopezeka ali pansi, khu! Ambuye andikhululukire, ndinaseka.

Titatuluka, Victoria anatsatira bambo ake.

"Ababa, a Misheck anakukhudzani?"

"Ayi, anali kutali."

"Nanga anakugwetsani ndani?"

"Aliyense anangosendera pang'ono."

"Waya ndi benchi lodzaza kale, Ababa. Batire likakankha kuno, elekitironi iliyonse imangosendera pang'ono, koma babu kumapeto limayaka nthawi yomweyo."

A Ezara anasisita pamene anagwera. Njira yonse yobwerera sanatchulenso za khasu, ndipo ine ndinadziwa kuti zalowa.

Tsiku la ulendo, chikwama anasenza ndi iwo mpaka pa Chimbiya. Minibasi inabwera yodzaza, kondakitala n'kunena kuti tidikire ina. Amuna anga analowetsa mutu pakhomo.

"Aliyense asendere pang'ono, mwana wanga alowe! Akukaphunzira magetsi uyu!"

Anthu anaseka, koma anasendera, Victoria n'kulowa.

Pobwerera a Ezara ankangopukuta m'maso. Akuti inali mphepo ya m'phiri.