Matenda Awiri pa Kagalasi Kamodzi

Inali cha m'ma teni m'mawa, kamvula kakuwaza pa malata, pamene adokotala anamaliza kufotokoza chimene anabwerera. Anali mayi wachitsikana ndithu, ndipo anakhala kunsonga kwa mpando ngati mpandowo ndi wobwereka. Bambo wa pakhomopo, mphunzitsi wa masamu amene anali ataika mkazi wake m'manda sabata yapitayo, ankangotembenuza kapu ya tiyi m'manja.

"Bwerezaninso," anatero mwana wake wamkazi, woyamba kubadwa. "Mwina ndine wogontha."

Adokotala anabwereza. Kwa zaka zambiri malemuwo ankadwala sakoidosisi, matenda otupitsa anabere a m'chifuwa ndi m'khosi. Anabere atatupanso chaka chatha, aliyense anati ndi mlendo wakale uja wabweranso, ndipo anangowonjezera mankhwala omwe aja. Koma kuseri kwake kunabisala limfoma, khansa ya m'anabere momwemo. Inadziwika atadula kachiwiri kamnofu ka m'khosi, nthawi itatha kale. Kamnofuko kanali kuchipatala pa tigalasi toika pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, ndipo pa kagalasi kamodzi matenda awiriwo ankaoneka moyandikana. Adokotala ankapempha kusunga tigalasito kuti ophunzira azionerapo.

"Kuwachiza munalephera, tsopano mukufuna kuwatsekera m'kabati," anatero mwana wamkaziyo. "Ife tinaika amayi athu tikuyesa kuti ndi athunthu."

"Achemwali, kamnofu kake n'kochepa kuposa chikhadabo," anatero mlongo wake atatsamira chitseko. "Amayi ankadzicheka koposa pamenepo akamadula anyezi."

"Iwe khala chete. Kuchipatala unkabwera ngati mlendo wa Lamlungu."

Onse anayang'ana bambo awo. Iye sankakonda kuweruza milandu ya m'nyumba. Imeneyo inali ntchito ya mkazi wake. Mumtima anali atavomera kale, koma sanafune kupondereza amene anapirira fungo la m'wodi.

"Mawu omaliza ndi ako, mwanangu. Ndiwe unkagona pansi, pambali pa bedi lawo." Anaika kapu patebulo. "Koma dzanja lako lakhala pakhosi chiyambire m'mawa."

Mwanayo anatsitsa dzanja msanga, ngati wagwidwa akuba shuga.

"Pali kotupa," anatero motsitsa mawu. "Ndinakapeza tsiku la maliro."

Mlongo wake anasiya kutsamira chitseko.

"Mungandilole ndione?" anafunsa adokotala.

Mwanayo anagwedeza mutu movomera. Adokotala anaimirira, natikita zikhato mwamphamvu, nauziramo mpweya, naziika m'khwapa kanthawi. Atatero m'pamene anagwira khosi lija, zala zikuyenda pang'onopang'ono kuchokera kuseri kwa khutu.

"N'kofewa, ndipo kakusuntha. Mwina ndi chimfine chabe. Koma mubwere tikayeze. Mawu oti 'mwina' sindidzakhutiranso nawo."

Mwana wamkaziyo ankayang'ana manja aja.

"Zofunditsa manjazi anakuphunzitsani ndani?"

"Amayi anu. Tsiku loyamba anandimenya kadzanja, amvekere, 'Ine si nyama ya mufiriji.' Atamva kuti matenda ndi awiri, anaitanitsa ophunzira onse a m'wodi, n'kuwaimika pamzere kuti agwire khosi lawo mmodzimmodzi. Wophonya chotupa ankamubweza kumapeto kwa mzere."

Mlongo uja anayamba kuseka, kenako anatembenukira kukhoma. Bambowo anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali, ngakhale analibe fumbi.

"Sungani tigalasito," anatero mwana wamkaziyo, akupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndikakana angandidzukire amenewo. Koma wophonya muzimubweza kumapeto."

Mwana wamkaziyo anaperekeza adokotala mpaka pamsewu, awiriwo atapanikizana pansi pa ambulera imodzi. Bambowo anawayang'ana pawindo mpaka anakhota. Kenako anakoka mulu wa mayeso a ophunzira ake, navundukula cholembera chofiira, nayamba ndi pepala lapamwamba.