Tambala Wophedwa Kawiri

M'mapiri a ku Kentucky kuno ku America, ukafuna kumva ulaliki wopanda Baibulo unkangotchula mfuti yaing'ono pamaso pa a Delmer Sizemore. Zaka makumi anayi ankanena zomwezomwezo, kutchalitchi, pothira petulo, ngakhale pamaliro: "Nkhukundembo yam'tchire umaiyitana. Ukhale patsinde pa mtengo, ulire ngati thadzi, tambala abwere yekha mpaka umuone diso, ndiye uwombe ndi mfuti yaikulu ya chifefe. Woiwombera patali ndi kamfuti ka agologolo si mlenje, ndi mbava!"

Lamulo limaletsadi kuiwombera ndi kamfuti kotere, koma anthu ankaopa kwambiri pakamwa pa a Delmer kuposa lamulolo. Mwana wawo Ronda anakula akumva zimenezi mpaka analowa ntchito yoteteza nyama zam'tchire. Munda wa fodya anagulitsa kalekale, chuma chimene anatsala nacho a Delmer chinali dzina lawo basi.

Ndiye chaka chino phewa linawapandukira. Dokotala atalisoka anawauza kuti chifefe chikangowakankha kamodzi, mkonowo aziyenda nawo m'thumba. Nyengo yosaka ndi masabata atatu okha, ndipo awiri anatha mkuluyo ali pakhonde, akumva atambala akulira m'phiri. Zinkawapweteka kuposa phewalo.

"Kamfutiko mukupita nako kuti, bambo a Ronda?" anafunsa akazi awo, a Opal, Loweruka m'mawa.

"Agologolo akumaliza chakudya cha nkhuku."

"Agologolo a masiku ano amasakidwa pa galimoto? Koma ukalamba ulibe mankhwala."

A Delmer analiza galimoto. Anatsata msewu wafumbi wa kuseri kwa phiri, ndipo kutsidya kwa kamtsinje, m'mphepete mwa busa la ng'ombe, anamuona. Tambala wake tambala! Ndevu za pachifuwa zikukwekwereza pansi, mchira uli tambasu. Wotere anamuonapo kamodzi kokha, uja anapha zaka khumi zapitazo. Anayang'ana uku, anayang'ana uku. Kunali zii. Anatsitsa galasi la galimoto, n'kuuza mtima wawo kuti Mulungu amadziwa za phewali.

Pho!

Tambalayo anangotembenuza mutu n'kuwayang'ana.

Pho!

Anagwedeza mchira, mwaulemu ndithu.

"Iwe, ukundiyesa mwana?" anatero a Delmer, thukuta lili kamukamu. Anawomba kachitatu. Nthenga ziwiri zinauluka, tambala n'kuyamba kuzungulira pamalo amodzi akulira ngati makina osokera.

Pachitsamba panatuluka munthu wa yunifomu yobiriwira, kabokosi ka mabatani kali m'manja. A Delmer anamuzindikira ndi kayendedwe, poti kanali kayendedwe kawo komwe.

"Ababa."

"Ronda! Mwanawe, ndimayesa mfutiyi ngati ikuwongoka..."

"Simunamudziwe? Ndi tambala wanu uja munamuumitsa n'kumuimika pabalaza. Amayi atatopa naye kupukuta fumbi munandipatsa nokha. Munati timuike waya m'mimba, tikakolere mbava zowombera zili mumsewu."

Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Wa a Delmer unawatsata zaka makumi anayi n'kudzawapeza pawindo la galimoto. Anaona kale nkhope za anzawo pothira petulo, anamva kale kuseka kwa a Opal.

"Tamvera, mayi wanga," anayamba kunyengerera. "Ndani anakuphunzitsa kulira ngati thadzi? Ndani ankakubereka kumsana mpaka pamwamba pa phirili? Kabukuko kabweze m'thumba. Dzina langa likapita nditsala ndi chiyani?"

Ronda anali atatsegula kale kabuku ka milandu. Anayang'ana bambo ake, mkono uli lende, chipewa chitapendekeka. Kenaka anatseka kabukuko.

"Pitani, ababa. Ndili ndekha lero. Sindinaone kanthu."

Ananena akuyang'ana pansi. Mtsikana ameneyu chibadwire sanayang'anepo pansi. Analemba mlandu mwana wa abusa, analemba ngakhale amalume ake enieni, ndipo a Delmer anayenda mwezi wathunthu akudzitama nazo. Tsopano ndi iwo amene anamuweramitsa. Anamva manyazi amene sanawamvepo, ndipo anazimitsa injini.

"Tsegula kabukuko."

"Ababa, akulandani chiphaso chosakira. Tawuni yonse imva."

"Imve. Ine dzina ndalitaya ndekha pawindo pano. Lako ndisakutayire." Anamupatsa kamfutiko, thako lake kutsogolo monga ankamuphunzitsira. "Lemba, mwanawe. Dzanja lisanjenjemere, anthu angati ndinabala wamantha."

Ronda analemba, akupukuta mphuno ndi mkono wa yunifomu. Kutsidya kuja tambala anali akuzungulirabe. A Delmer anasuzumira m'kabukumo.

"Pansipo pali malo," anatero. "Uwonjezere kuti zipolopolo zonse zitatu zinalasa pakhosi."