Tsache la Hauke pa Masitepe a Khonsolo

Loweruka limene Hauke Rodewald anakwanitsa zaka makumi atatu, anzake anakamutenga ku bekale kumene ankaphika buledi, ufa udakali m'tsitsi. Tjark, mnzake wa kuubwana, anamuveka diresi ya maluwa ya amayi ake a Hauke, n'kumugwiritsa tsache lothothoka ngati mchira wa khoswe. Basi, ulendo wa ku nyumba ya khonsolo, kodiyoni ikulira.

Kwathu kuno, kumpoto kwa Jeremani, mwamuna ukafika zaka zimenezi usanakwatire umasesa masitepe a khonsolo anthu akuonerera. Anzako amakhuthulapo zitsekerero za mabotolo a mowa, ukaunjika amazimwazanso ndi phazi, ndipo suchokapo mpaka mkazi amene sanakwatiwepo atakupsompsona. Amuna ambiri amachita kuwakoka. Koma Hauke ankaponda mofulumira moti woimba kodiyoni anatsalira m'mbuyo akupuma wefuwefu.

"Iwe, ukuthamangira chiyani? Manyazi sathawa!" anakuwa Tjark, yemwe ankadziwa bwino lomwe chimene mnzakeyo ankathamangira.

Chinali Wiebke Tammen, mtsikana woonetsa alendo m'nyumba ya khonsoloyo. Hauke anabadwira pafupi pomwepo ndipo nyumbayo anali atatopa nayo kuiona, koma chibwerere Wiebke, mwamuna uja anasanduka mlendo wa tsiku ndi tsiku. Akangotulutsa buledi womaliza mu uvuni, ankakaima pakati pa alendo, khosi m'mwamba, ngati denga sanalionepo. Nkhani yonse anailoweza: mabomba a m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anagwetsa nyumba yonse, amayi a m'tauni anagogoda njerwa imodziimodzi kuchotsa matope akale kuti amangirenso, ndipo wotchi ya pamwamba anaibwezeretsa poyang'ana chithunzi cha ukwati wa anthu ena. Chimene chinatsala pamalo pake chosagumuka chinali chimodzi chokha, sitepe yapansi, mwala wakuda wokumbika pakati ndi mapazi a anthu. Wiebke ankamalizira pamenepo n'kufunsa kuti, "Pali amene ali ndi funso?" Nthawi zonse dzanja la Hauke linkakwera. Anafunsa za denga, za mawindo, za nkhunda zogona pa wotchi. Koma funso lenileni, la kumtima kwake, sankalifunsa.

Tsopano nthawi inali itamuthera. Wiebke anapeza ntchito ku Munich, mzinda wakutali wa kummwera, ndipo mawa lake anali wokwera sitima ya pamtunda. Hauke anaganiza zoti mwambo umulankhulire: asese mpaka Wiebke atuluke ndi alendo ake omaliza, amumvere chisoni, zina zonse zitsatire zokha. Ntchito ya Tjark inali kutchinga atsikana ena onse. Nzeru ya munthu wamantha imeneyo, koma kwa iye inkaoneka ngati ya pulofesa.

Anthu anadzaza bwalo. Wogulitsa soseji anakankhira ngolo yake pafupi, poti paphwando la mnzako m'pamene malonda amayenda. Zitsekerero zinakhuthulidwa, Hauke n'kuyamba kusesa.

"Mwana wanga, werama bwino, diresiyo ndi yaifupi!" anatero amayi ake, atamugwirira jekete.

"Miyendo imeneyo n'chifukwa chake sanakwatire!" wina anakuwa cha kumbuyo.

Mtsikana wina wa ku sitolo ya mankhwala anamva chisoni n'kuyamba kusendera, koma Tjark anamuimirira kutsogolo manja atatambasula. "Mlongo, taleka. Munthuyu wadya anyezi wosaphika m'mawa uno. Ndikukupulumutsa ine."

Dzuwa linakwera, diresi inanyowa thukuta, msana unayamba kudandaula. Kenako chitseko chachikulu chinatseguka. Wiebke anatsika pamodzi ndi alendo ake.

Mtsikanayo anayang'ana diresi, anayang'ana tsache, n'kuluma mlomo kuti asaseke. "Bambo Rodewald, mwala uwu unapulumuka mabomba. Musaumalize ndi tsache lanulo."

"Ndikusesa mosamala, Mayi Tammen," anayankha Hauke, mawu atachepa ngati a mwana wa sukulu.

Pakati pa alendowo panali agogo ena ang'onoang'ono a ndodo, ovala chipewa chofiira. Anali a Irmtraud Oltmanns, obadwira m'tauni mwathu momwemuno, amene anapita ku Canada ali kamtsikana nkhondo itangotha, osabweranso mpaka tsiku limenelo. Anawerama movutika n'kusisita mwala wakuda uja.

"Ndi womwewu," anatero chapansipansi. "Ndinkakhala apa kudikira bambo anga aweruke. Tsiku lochoka, pano panali phulusa lokhalokha, amayi anga akusesa uku akulira." Agogowo anapukuta maso, n'kudzutsa mutu, ndipo m'pamene anamuona bwino Hauke. Nkhope yawo inawala. "Aa! Mwambo uwu ulipobe? Ndiye mnyamatayu wayamba liti kusesa?"

"Kuyambira m'mawa, agogo!" anthu anayankha.

"Ndipo tauni yonseyi palibe womumvera chisoni? Atsikana a masiku ano mitima yawo njouma bwanji! Gwira ndodoyi, iwe."

Ndodoyo anamupatsa Tjark. Kodi munthu ungawatchinge bwanji agogo amene akupatsa ndodo yawo kuti uwagwirire? Tjark anangoilandira n'kuwapatsa njira.

"Ine sindinakwatiwepo," analengeza agogowo mokweza. "Amuna a ku Canada ndi ozizira ngati dziko lawo lomwe."

Anamugwira Hauke makutu onse awiri, kumutsitsa, n'kumupsompsona patsaya mpaka kumveka. Bwalo lonse linaphulika ndi chimwemwe. Kodiyoni inalira, wa soseji anaomba mbano zake, amayi ake a Hauke anaseka mpaka kukhala pansi. Mwambo ndi mwambo: munthu anali atamasuka. Anzake anawola zitsekerero zonse n'kuzithira m'ndowa.

Hauke anawathokoza agogowo mwaulemu, poti analeredwa bwino, koma sanakondwere n'komwe. Ntchito ya m'mawa wonse inapita m'madzi, ndipo panalibenso choti chimulankhulire.

Wiebke anali akupukuta misozi ya kuseka. Anamupatsa dzanja. "Zabwino zonse pa tsiku lanu lobadwa, Bambo Rodewald. Mutsale bwino. Ndidzawasowa mafunso anu aja." Anatembenuka n'kuyamba kukwera masitepe kukabweza makiyi a nyumbayo.

Tjark anamunong'oneza Hauke kuti, "Pepa, mnzanga. Tiye tikamwe."

Hauke anayang'ana msana wa Wiebke ukukwera. Anayang'ana ndowa. Kenako anainyamula ndi manja awiri n'kuigadabuza pamasitepe. Khwaaa! Zitsekerero zinagubuduka mpaka kumapazi kwa wa soseji, zina n'kudzaza pokumbika pa mwala wakuda paja. Kodiyoni inadukira pakati pa nyimbo. Hauke anatola tsache lake n'kuyambiranso kusesa.

"Mwana wanga, wamasuka kale iwe!" anatero amayi ake. "Dzuwa lakulowa m'mutu kodi?"

"Sindinamasuke, amayi."

Wiebke anali ataima, dzanja lili pachitseko. Hauke anadzutsa mutu, nkhope ili psuu, diresi itapotokera kumbali.

"Mayi Tammen, ine za denga sizindikhudza," anatero. "Za nkhunda ndiye ayi ndithu. Ndimabwerera inu. Ndimakukondani, ndipo ndakhala ndikuopa kunena. Lero ndimafuna tsache lindinenere, koma agogowa andilanda mwayi."

"Bwenzi utanena!" anakuwa agogowo, n'kumulanda Tjark ndodo yawo. "Ine ndimadziwa bwanji?"

Anthu anaseka, koma Wiebke sanaseke. Anatsika pang'onopang'ono, akulambalala zitsekerero, mpaka kudzaima pamwamba pa mwala wakale uja.

"Tsiku lina munandifunsa kuti nkhunda zimagona nthawi yanji," anatero. "Ndinapita kunyumba n'kukalira ndi ukali. Munthu wamkulu ndithu, nkhunda!"

"Pepani."

"Ku Munich ndipitabe. Ntchitoyo ndinaivutikira."

"Ndikudziwa. Sindikuti musapite. Sitima yopita komweko imanyamulanso ophika buledi, ndipo ndikumva kuti buledi wawo ndi wosakoma."

Apa m'pamene mtsikanayo analephera kudzigwira. Anaseka, maso atanyowa, n'kumulanda tsache lija kuliponya pansi. Sanamupsompsone patsaya ngati agogo aja ayi. Phokoso limene linabuka pabwalopo linabalalitsa nkhunda zonse za pa wotchi, ndipo Tjark anakumbatira wa kodiyoni pamodzi ndi kodiyoni yake yomwe.

Agogo Irmtraud anatola tsachelo. Anthu anafuna kuwalanda, koma iwo anawaopseza nalo. "Ndisiyeni! Amayi anga anasesa pano akulira. Ine ndisesepo ndikuseka." Anayamba kukokolola zitsekerero pa mwala wakuda uja, chipewa chofiira chikugwedezeka motsatira nyimbo.

Wiebke anamukonzera Hauke kolala ya diresi, n'kumusasa ufa umene unali udakali m'tsitsi. Kenako anamuyang'ana ndi nkhope yake ija ya pantchito.

"Tafika pamapeto," anatero. "Pali funso lina, Hauke?"

Hauke anatsegula pakamwa mwachizolowezi, dzanja n'kuyamba kukwera lokha. Analitsitsa n'kugwira la Wiebke. Kwa nthawi yoyamba chibwerere mtsikanayo m'tauni mwathu, analibe funso.