Kachirombo ka m'disiki ya Esitere

Kompyuta ija inkakhala kuseri kwa sitolo yanga pa Mitundu, poti wa magetsi ndinali ine. Anaibweretsa ndi a Patson, mwana wa konkuno amene ankakonza makompyuta m'tauni. Loweruka lililonse ankabwera kudzatiphunzitsa ulere, ati komiti yathu yamadzi ikamapempha mjigo izipita ndi kalata yotayipa, osati ya bolopeni. Munali mu 1997, munthu ankatchula demokalase ngakhale pogula mchere.

Amene anagwira msanga ndi Esitere, mlembi wa komiti. Ine zala zanga n'zopimira shuga, ndikadina chilembo chimodzi zinkatuluka zisanu. Esitere anali ndi disiki yakeyake yosungiramo makalata, ankaikulunga m'kampango. Kunali kutatsala sabata kuti achite chinkhoswe ndi Gilibati wa ku Nathenje, ndiye mtsikana ankangosekerera ndi mipando yomwe.

Loweruka limenelo a Patson atalowetsa disiki ija, kompyuta inalira. Anapukusa mutu.

"Esitere, apa pali kachirombo. Mwakatenga kuti kameneka?"

Esitere, osadziwa kanthu, anayankha kuti Lachitatu anali kwa bambo wina m'tauni. Ankanena bambo wosindikiza makalata. A Patson anakachotsa kachirombo kaja tiyi asanazizire, tonse n'kuseka kuti kani makina nawonso amadwala.

Koma pawindo panali Felesiya, akukazinga zitumbuwa. Felesiya ndi mnzanga, ndimamukonda, koma pakamwa pake palibe chitseko. Ndipo masiku amenewo mawu akuti kachirombo ankatanthauza chinthu chimodzi chokha, matenda amene ankatitengera abale kumanda mwezi ndi mwezi. Anasiya chiwaya pamoto. Pofika Lamulungu nkhani inali itakwera kale basi ya ku Nathenje.

Lolemba Esitere anafika kusitolo maso ali psuu. Anthu akana kumupatsa moni wa padzanja, azakhali ake akulira ngati pali maliro, ndipo a kuchimuna atumiza mawu kuti chinkhoswe chiyambe chaima. Ine mtima unandiwira. Ndinatseka sitolo, ndinamukoka Felesiya ndi chitenje chake mpaka ku positi, n'kumuimika pambali panga ndikuimbira foni a Patson. Ndinawauza kuti zimene anaphika abwere adzapakule okha.

Lachiwiri a Patson anajomba kuntchito n'kubwera. Tinatulutsira kompyuta pakhonde, msika wonse n'kusonkhana. A Patson anafotokoza mpaka thukuta, disiki ili m'mwamba. Bambo wina wogulitsa fodya anafunsa ngati makinawo agonekedwe kuchipatala. Mayi wina anabweza mwana wake kuti asapume mpweya wake. Kenaka mmodzi anaphulika, ndiye basi, anthu anaseka mpaka kugwirana m'mapewa. Felesiya ndiye ankaseka kuposa onse, wopanda manyazi uja.

Esitere yekha sanaseke. A ku Nathenje panalibe ndi mmodzi yemwe, ndiye zonsezi zinali zopanda ntchito kwa iye. Ndinamumvera chisoni kwambiri.

Tili choncho tinangoona njinga ikugwera pansi. Anali Gilibati, fumbi mpaka m'nsidze, wapalasa kuchokera ku Nathenje. Kompyuta sanaiyang'ane n'komwe, za a Patson sanamve ngakhale liwu limodzi. Anadutsa pakati pa anthu nakaima pamaso pa Esitere, akupuma ngati ng'ombe ya pangolo.

"Amalume akana kubwera Loweruka," anatero. "Ndawauza kuti ndibwera ndekha. Ngati mukudwala, wokusamalirani ndine."

Ine misozi inalengeza, ndinatsegula pakamwa kuti ndimumasule mwana wa eni, adziwe kuti kachirombo kanali ka m'disiki. Esitere ananditsina pamkono, mpaka lero ndimamva kuwawa.

"Mayi Kuluthumu, musamuuze kaye," ananong'oneza, uku akulira uku akuseka. "Anenenso kachiwiri."