Mahatchi Anayi a Malemu Ambrus

Fecske anakananso kachitatu, pomwe paja, pachipata. Anaimika makutu, n'kupotoza khosi ngati kumanzere kwake kuli chinthu chofuna kumuluma, kenako anadzikankhira kwa Bátor, hatchi inzake yakutsogolo, mpaka mahatchi awiri akumbuyo anapanikizana ndi mtengo wa ngolo. Lehel anakoka zingwe, anaitana dzina la hatchiyo mokweza, ndipo zitakanika anangokhala pampando, chikwapu chili pamiyendo.

Mayi ake, Etelka, ankaonera pakhonde atatsamira ndodo. Linali Lachitatu m'mawa, chisanu chisanasungunuke pa udzu. Mwamuna wake Ambrus anagwa m'khola Lolemba, ndowa ili m'manja, ndipo mwambo woika maliro unali Lachisanu. Ambrus sanali munthu wopempha, koma chinthu chimodzi anachinena kangapo ali moyo: tsiku lake likadzafika asadzamukweze galimoto. Adzamuperekeze kumanda mahatchi ake, onse anayi, monga achitira ndi munthu amene wagwira zingwe moyo wake wonse. N'chifukwa chake m'ngolo yaitali ija munali matumba atatu a chakudya cha mahatchi, oyeserera kulemera kwa bokosi.

"Ukukoka zingwe ngati ukutunga madzi pachitsime, mwana iwe," anatero a Vendel, atayedzamira mpanda. Mkuluyu anapikisana ndi Ambrus poyendetsa ngolo za mahatchi zaka makumi atatu, ndipo anafika dzulo lake kuchokera kumudzi kwawo kutsidya kwa mtsinje wa Tisza, atanyamula botolo la kachasu wa maapurikoti ndi suti yakuda.

"Ndikanakhala wolakwa ndine, akanakana onse anayi," anayankha Lehel. "Akukana mmodzi."

"Unagwira liti zingwe komaliza?"

"Papita zaka makumi awiri."

"Ndi ziwiri," anawonjezera Etelka ali pakhondepo.

Lehel sanacheuke. Anali ndi imvi kale m'mbali mwa makutu. Anachoka pakhomo pano ali mnyamata, atayambana ndi bambo ake pabwalo la mpikisano anthu akuona, ndipo kuyambira pamenepo ankakonza mainjini ku Győr, kubwera kwawo pa Khirisimasi pokha. Anatsika, n'kuyamba kumasula malamba.

M'khitchini Etelka anaika msuzi wa nyemba patebulo. Khoma lonse loyang'ana kuwindo linali zithunzi: Ambrus ku Germany, ku Holland, ku Poland, chipewa chakuda chili pamutu, mahatchi otuwa akudumphira m'madzi. M'zithunzi zakale, kumbuyo kwa ngolo kunkaoneka mkazi wochepa thupi atapendekera kunja mpaka tsitsi kutsala pang'ono kukhudza mtengo, kuti ngolo isagubuduke pokhota. Mkaziyo anali Etelka, chiuno chake chisanamukane. Mahatchi ankasintha chithunzi ndi chithunzi, koma m'zithunzi za zaka khumi zomalizira, kutsogolo kumanzere kunkakhala Fecske nthawi zonse, malo a hatchi yodalirika koposa.

A Vendel ankaloza ndi supuni. "Uyu wa ku Sweden uyu, manja ngati a dokotala wa opaleshoni, anamwalira. Wamtali wa ku Holland uyu anasiya, akuti akuweta njuchi. Uyu wa ndevuyu ankatigonjetsa tonse, koma akamwa ankalira kufuna amayi ake. Tatsala ochepa, alamu. Chaka chilichonse ndimachotsa nambala imodzi m'foni."

"Idyani usanazizire," anatero Etelka.

Lehel anakankha mbale yake. "Mayi, tilankhule zoona. A zamaliro akufuna yankho pofika madzulo ano, ngolo kapena galimoto. Njira ya kumanda ikudutsa pamsewu waukulu. Kudzakhala anthu, kudzakhala malipenga. Hatchi ija ikadzachita zomwe yachita lerozi, bokosi la bambo lidzagwera m'ngalande."

"Ndiye ukuti bwanji?"

"A Vendel ali ndi hatchi yotuwa. Tiibweretse mawa, iime pamalo pa Fecske. Ndani adzazindikire?"

"Theka la anthu odzabwerawo amadziwa Fecske kuposa akazi awo," anatero a Vendel.

"Bambo ako anati onse anayi," anatero Etelka.

"Bambo ananena zambiri, Mayi. Fecske ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mutu wasokonekera. Ngakhale mkulu wina wa ku Holland amene anaimba foni yopepesa, pofunsa zogula mahatchi anatchula atatu okha. Amadziwa."

"Wafunsa kale? Munthu tisanamuike n'komwe?"

"Sindinamulonjeze kanthu. Koma inu simungasamale mahatchi anayi ndi ndodo m'manja."

Etelka anadziwa kuti zinali zoona. A Vendel anadzithirira kachasu pang'ono.

"Hatchi siilakwa yokha," anatero. "Bambo ako manja anali atatha, Mulungu awalandire. Ndinalipo pampikisano wawo womaliza, zaka zinayi zapitazo. Podutsa ndi ngolo pakati pa tizipilala paja anagwetsa timipira tapamwamba pake tisanu ndi tiwiri. Ambrus, amene ankatha chaka chathunthu osagwetsa n'kamodzi komwe. Ndinawauza pamaso kuti, achimwene, manja awa tsopano ndi osendera mbatata. Anangoseka. Anthu ena anawapatsa hatchi yaing'ono yabwino kuti ayambirenso, anakana, n'kusiyiratu. Munthu wa manja onjenjemera amaononga pakamwa pa hatchi, ndi zomwe zachitika apa."

Etelka anayang'ana manja ake omwe. Ankakumbukira Ambrus akulowetsa ulusi pa singano sabata yathayo, kamodzi kokha, wopanda magalasi. Koma nkhani za kukhola iye anazisiya kalekale. Chichokereni kuchipatala ndi chitsulo m'chiuno, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, sanapondemonso m'kholamo. Fungo la zikopa linkamupweteka mumtima kuposa chiunocho. Ambrus anazindikira, ndipo anayamba kutulukira chipata chakuseri, njira yamchenga yodutsa m'mitengo, kuti mkazi wake asamaone ngolo ikuchoka kumbuyo kulibe munthu. Sanakambiranepo za zimenezi. Ankabwera masana, kusamba m'manja, kufunsa za msuzi.

Amuna aja atatuluka kukaona gudumu lina lomwe linkalira, Etelka anavala chikhoti cha mwamuna wake n'kuwoloka bwalo pang'onopang'ono.

M'khola munali mofunda. Ndowa ija inali ikadali pomwe inagwera, wina atangoiimika. Malamba amene Lehel anagwiritsa ntchito anali pa benchi, akuda, onyezimira, a mphonje zachikopa zolukidwa, omwe Ambrus ankavekera mahatchi pamipikisano yokha. Lehel anawatulutsa m'bokosi lawo pofuna kulemekeza bambo ake. Malamba a tsiku ndi tsiku, otuwa ndi thukuta, anali pakhoma pa zikhomo zinayi, ziwiri pamwamba, ziwiri pansi, monga momwe mahatchi amaimira pangolo. Pamwamba pa chikhomo chilichonse panali dzina lolembedwa ndi choko, zilembo zopendekera za Ambrus.

Etelka anawerenga kawiri. Pamwamba kumanzere panalembedwa Bátor. Fecske anali kumanja. Pansi pa dzina la Bátor pankaonekabe F wakale wofufutidwa ndi chala.

Anatambasula dzanja kukhudza lamba wapachifuwa wa Bátor, ndipo china chake chinalira, kamawu kakang'ono koyera.

Anakadziwa asanakaone. Kanali kabelu kamkuwa ka amayi ake, kamene ankaliza madzulo a Khirisimasi poitana ana kuti mngelo wabweretsa mtengo wa Khirisimasi, alowe. Kanasowa zaka zinayi zapitazo. Anakafunafuna m'makabati monse, anakalipira mpongozi wake mumtima, anafunsa Ambrus katatu. Ambrus anangoti zinthu zing'onozing'ono zimayenda zokha, ndipo adzukulu atabwera anatenga tambula ndi supuni, n'kukaima kuseri kwa chitseko akugogoda, makutu ali psuu. Nthawi zina m'mawa, mphepo ikachokera kumitengo, Etelka ankamva ngati kabeluko kakulira kutali, ndipo ankadziuza kuti ndi ukalamba, kuti mtima ukungofuna masiku amene Lehel anali wamng'ono.

Kanali kosokeredwa ndi ulusi wopaka phula, mbali yakumanja ya lambayo, pansi pake pali kachikopa kofewa kuti kasatupitse Bátor. Misoko yake inali yofanana ngati ya makina.

Kumbuyo kwake Fecske anali atatulutsa mutu pakhomo la chipinda chake, khutu lakumanzere litaloza komwe kunalira belu, akupumira m'mphuno motsitsa. Etelka anapita pafupi. Anamusisita pamphumi, kenako anakweza dzanja n'kuligwedeza pafupi ndi diso lakumanzere. Diso silinaphethire. Anayesanso, chala kutsala pang'ono kukhudza nsidze. Linangokhala chiyang'anire, lakuda, lokongola ngati kale. Lakumanja linaphethira, koma mochedwa.

Anaima pamenepo kanthawi, chipumi chake chili pakhosi pa hatchiyo. Kenako anapita pakhomo n'kuitana mwana wake, osakweza mawu kwenikweni.

Lehel anayesa yekha, kawiri, monga anachitira mayi ake. Anayang'ana zikhomo, anayang'ana kabelu.

"Ndinawamanga monga ali pazithunzi," anatero.

"Aliyense akanatero," anatero Etelka. "Unamuika diso lakufa likuyang'ana kunja, kopanda mnzake, kopanda belu. Ukanakhala iwe ukanatuluka pachipata?"

"Bwanji sananene?"

A Vendel anali ataima pakhomo. Anavula chipewa, n'kumachizunguliza m'manja. "Akananena, madokotala a mpikisano akanamuchotsa tsiku lomwelo. Ndipo ife tonse tikanawauza kopita nayo hatchi yosaona. Ine ndikanakhala woyamba, ndi nambala ya wopha nyama ndikanawapatsa." Anakhosomola. "Zaka zinayi ndakhala ndikuwaimbira foni pa tsiku lapachaka lokondwerera dzina lawo, kuwafunsa ngati mbatata zikusendeka. Ankangoti zikusendeka bwino, Vendel."

"Analolera kuti anthu aseke manja awo," anatero Lehel, ngati akudzilankhulira. Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ine anandithamangitsa pangolo chifukwa chomenya hatchi kamodzi. Kamodzi kokha."

"Ndikukumbuka," anatero mayi ake. "Ndinali kumbuyo kwako."

Lehel anatulutsa kampeni m'thumba. "Ndikachotse, ndikasokere pa malamba abwinowa."

"Ulusi umenewo usadulidwe."

"Mayi, kudzabwera anthu ochokera mayiko atatu. Malamba awa ndi ong'ambikang'ambika, taonani apa."

"Uwapaka mafuta kusanade. Bambo ako akhala akuyenda nawo amenewa tsiku lililonse, ayenda nawonso Lachisanu."

Anamanganso dzuwa litapendeka. Lehel anatsogoza Bátor kumanzere, Fecske kumanja. Bátor atangopukusa chifuwa kabelu n'kulira, Fecske anasendera yekha mpaka phewa lake linakhudza la mnzake, n'kutsitsa mutu.

Etelka anapereka ndodo kwa a Vendel.

"Alamu, adokotala anati chiyani za chiuno chimenecho?"

"Adokotala sali pano. Ndigwireni mkono."

Anamukweza kumbuyo kwa ngolo, anakhala pambali pa matumba aja, dzanja limodzi litagwira chitsulo. Kuchokera pamenepo ankaona msana wa Lehel, wotambalala ngati wa bambo ake, phewa lakumanja litatsika pang'ono chimodzimodzi.

"Usakweze mawu," anamuuza. "Tchula Bátor poyamba. Fecske atsatira."

Lehel anatchula mayina motsitsa. Zingwe zinakungika, magudumu anaphwanya mchenga wouma ndi chisanu. Pachipata Fecske anazengereza pang'ono, khutu likugwedera, kenako belu linalira ndipo anadutsa. Anatsata njira ya kumanda mpaka pamsewu waukulu. Lole inadutsa ndi mkokomo, Fecske anangokanikiza phewa kwa Bátor, mapazi osasintha. Pokhota pa tchalitchi, Etelka anapezeka atapendekera kunja, thupi litakumbuka lokha, ndipo chiuno chinamubaya. Sanadandaule.

Pobwerera Lehel anawalola kuyenda pang'onopang'ono. Madenga a kwawo anayamba kuonekera kuseri kwa mitengo.

"A zamaliro ndiwauza kuti ndi ngolo," anatero osacheuka. "Wa ku Holland uja akafuna Bátor, ndiye kuti Fecske watsala yekha mumdima."

"Ndiye umuuza chiyani?"

"Ndimuuza kuti apepese kokha, monga anayambira." Anasuntha zingwe m'zala. "Loweruka lililonse ndikhoza kumabwera. Masiku enawo tipeza munthu." Anayendanso pang'ono. "Nanga kabelu kanu, Mayi? Khirisimasi ili pafupi, ana adzafunsa."

Etelka anaika dzanja pa thumba lomwe linali pambali pake, n'kusalaza pomwe linakwinyika. Kutsogolo, khutu lakumanzere la Fecske linali chilozere kwa Bátor.

"Tambula ilipo," anatero. "Supuni ilipo. Udzaima kuseri kwa chitseko ndiwe."