Wolira wa Kumzere Wakumbuyo

Ndalira maliro makumi anayi ndi atatu m'moyo wanga, ndipo pa onsewo m'bokosi munalibe munthu.

Ndiyo inali ntchito yanga kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Mukamaonera filimu, pamakhala anthu aja odutsa kumbuyo kwa akatswiri: wina wanyamula nyuzipepala, wina akukankha bedi la wodwala, wina wangoima ngati mtengo wa magetsi. Mmodzi wa iwo ndine, Gray Nyirongo wa ku South Bend, kuno ku America. Ndinkalawirira kukakwera sitima ya ku Chicago pa siteshoni ya ku bwalo la ndege, suti yakuda ili m'chikwama. Malamulo ake savuta: usayang'ane kamera, ndipo uzingogwedeza milomo osatulutsa mawu. Ojambulawo ankandikonda pa maliro. Ati nkhope yanga imaoneka ya munthu amene wataya kanthu. Ine n'kumanyadira, chitsiru ine.

Vuto linali lakuti Amalawi anzathu nawonso ankamwalira, ndipo iwo ankamwaliradi. Foni inkalira kuti ku Indianapolis kwagwa zovuta, ina n'kulira kuti Loweruka lomwelo ndikufunika ku Chicago. Kumeneko ukakana kawiri, dzina lako amalifufuta. Ndiye ndinkasankha Chicago, poyembekezera kuti tsiku lina adzandipatsa timawu ngakhale titatu toti ndiyankhule. Mkazi wanga Lucia ankati akaweruka ku chipatala kumene ankagwira ntchito, n'kumanga chitenje, n'kuyendetsa yekha galimoto pafupifupi maola atatu.

"Bambo a Tusekele, maliro n'kulirana," ankatero ali pakhomo, makiyi ali m'manja.

"Mukandipepesere. Mukawauze kuti ndabukidwa ku filimu."

Ankakapepesadi. Anapepesa ku Beech Grove, kufupi ndi Indianapolis, anapepesa pa maliro a kamwana ka miyezi inayi. Atamwalira akazi a Dixon Mhango, munthu amene anandisunga m'nyumba mwake nditangofika kuno, ine ndinali pa manda abodza, ndikupukuta misozi kasanu ndi kawiri chifukwa katswiri wathu ankangoiwala mawu ake.

Lucia anatisiya mu Novembala, Lachiwiri masana. Mwana wathu Tusekele anapempha holo ya tchalitchi, n'kundifunsa kuti tiyale mipando ingati. Chichewa amamva koma amayankhula Chingerezi, ndipo tsiku limenelo ndinathokoza kuti funsolo silinabwere m'chinenero chathu, likanandibaya koposa. Ndinati makumi asanu ndi atatu. Mumtima ndinkawerenga anthu amene ndinakawalirirapo, ndipo sindinapinde ngakhale chala chimodzi. Ndinagwidwa mantha enieni, kuti mkazi amene sanalakwire munthu aperekezedwa ndi mipando yopanda anthu chifukwa cha ine.

Loweruka ndinavala suti ija, poti ina ndilibe. Pofika naini koloko m'holomo munali anthu asanu ndi mmodzi. Ndinkangoyang'ana kukhomo. Itakwana teni, magalimoto a ku Indianapolis anayamba kulowa mondondozana. Amayi a zitenje pamwamba pa majekete ankatsika akuyimba, ena atanyamula mabeseni a mandasi. Mipando inatha, achinyamata n'kuima chotsamira khoma.

A Dixon anafika kumapeto ndi ndodo yawo. Ndinathamangira kukawapatsa moni ndi manja awiri.

"Achimwene, ndasowa chonena. Ine pa zovuta zanu zija sindinaoneke."

Anandiyang'ana kanthawi popanda mkwiyo uliwonse. Bola akanakwiya.

"Tadiraiva ulendo wonsewu chifukwa cha a Lucia," anatero motsitsa mawu. "Iwo aja anagona pansi m'nyumba mwanga masiku atatu. Anthu mukuwaonawa si anu, a Gray. Ndi awo. Akubwerekani lero lokha."

Kumudzi akanayankhula amalume m'malo mwa banja, koma kuno amalume kulibe, choncho abusa anaitana ine. Zaka zonsezi ndinkadikira kuti wina andiitanire kutsogolo, ndinene mawu anthu onse akumvetsera. Ndinakaima pafupi ndi bokosi, ndipo ulendo uno munali munthu, munali Lucia wanga. Milomo inagwedera bwinobwino monga inazolowerera, koma mawu sanatuluke.

Tusekele anabwera n'kundigwira pamkono. Anayang'ana gulu lonse lija, ndipo m'Chichewa chake chothyokathyoka anayamba ndi mawu amene ankawamva kwa mayi ake kuyambira ali wamng'ono.

"Adadi akupepesa."