Njinga ya Nicanor Sinanyamulepo Munthu

Kuno ku Sincelejo njinga yamoto yakale ili ndi mitengo iwiri. Ukanena kuti inali ya kabaza, wogula amakwinya nkhope n'kudula mtengo pakati. Ukanena kuti inali yongopitira kutchalitchi, amamwetulira. Tonse timadziwa zimenezi, ndipo tonse timanama.

Nicanor Paternina ndinagwira naye kabaza zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Shuga atamulowa m'maso, anayamba kuona magalimoto ngati utsi. Tsiku lina anatsala pang'ono kugwetsa mayi woyembekezera, basi anapachika chisoti. Ankafuna kugulitsa njinga yake pa mapeso, ndalama za kuno, mamiliyoni atatu ndi theka kuti agule firiji, azigulitsa madzi a zipatso pakhomo pake. Kupanda apo akanakakhala kwa mkamwini wake ku Corozal, munthu woumira amene amayang'ana m'kamwa mwa mlendo akamadya.

Tinaikonza njingayo Loweruka lonse. Mpando unali utafwapa ndi matako a theka la tauni ino, tinaika watsopano. Zopondera za wokwera kumbuyo zinali zitasalala, tinasintha. Tinachotsanso kawaya kamene amayi ochokera kumsika ankakolekapo majumbo.

"Nanga awa, Dago?" anandifunsa, akundionetsa manja. Anali atapsa ndi dzuwa mpaka m'mikono, monga alili manja a wakabaza aliyense.

"Alowetse m'thumba, amwene. Ngakhale udzudzu ukulume pamphuno, usatulutse."

Wogula anali mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi, dzina lake Mayi Yolima. Anagwirizana ndi Nicanor zokumana pamsika, ndipo ine ndinakhala panjinga yanga chapatali ngati sindikumudziwa Nicanor. Mayiyo anali wochenjera. Anagwada n'kuyang'ana zopondera, anasisita mpando, anamvetsera injini kwa nthawi ndithu.

"Bambo, njingayi sinagwirepo kabaza?"

"Ayi, mayi," anatero Nicanor. Mawu ake anatuluka mopanda mphamvu, ndipo mayiyo anamva. Anatembenuka n'kundikodola.

"Achimwene, tabwerani. Inu akabaza mumadziwana nonse. Bambowa munawaonapo akunyamula anthu?"

Ndikanangoti ayi n'kubwerera. Koma pakamwa panga ndikapatsegula sipadziwa malire.

"Awa? Aphunzitsi, musandiseketse! Awa ndi aja amadya thukuta la akazi awo. Chibadwire sanagwirepo ntchito. Dzuwa likangotuluka ali pakhonde, miyendo m'mwamba. Njingayi imachita kulira yokha kufuna msewu."

Anzathu pansi pa mango anamva, nawo n'kuthirira ndemanga. Wina anati madalawa sadziwa ndi njira ya kuchipatala yomwe. Wina anati taonani, ngakhale manja safuna kuwatulutsa, akuopa angagwire ntchito mwangozi. Msika wonse unafa nacho chiseko, mayiyonso anaseka mpaka kugwetsa misozi. Nicanor anayesa kuseka nawo. Uyu ndi munthu amene ankafika pamango tonsefe tisanasukusule, amene anaphunzitsa ana atatu ndi msana wake, ndipo ananyamulapo ndi mtembo womwe pamene galimoto inatitimira m'matope.

Mayiyo sanatsitse mtengo ngakhale ndi peso imodzi. Anasainirana mapepala ndi Nicanor, analandira makiyi, n'kunyamuka nayo akugwedezeka ngati wophunzira kumene. Ine ndinachita manyazi kwambiri, moti ndinkangoyang'ana matayala anga.

"Wayankhula bwino, Dago," anatero Nicanor. "Ngakhale ine ndinatsala pang'ono kukhulupirira."

"Zinali zongofuna firiji zija, amwene. Kwera ndikakutule."

Anakwera kumbuyo movutikira, mapazi akufufuza popondera. Munthu anali asanakhaleko kumbuyo kwa njinga zaka zonsezi. Njira yonse sanandiuze kuti ndikuthamanga, kapena kuti ndalowa m'dzenje, zomwe ankandinena tsiku ndi tsiku.

Titafika pakhomo pake anatsika, ndipo apa m'pamene anatulutsa dzanja m'thumba. Linali ndi mapeso zikwi zitatu.

"Iwe, wapenga? Ine ndikulipiritse iweyo?"

Pamango sitilipiritsana. Wakabaza akanyamula wakabaza mnzake, ndalama sizitchulidwa n'komwe.

"Landirani, achimwene," anatero, akundipatsa ulemu wa mlendo. "Zaulerezo n'za akabaza. Ine sindinagwirepo."

Anaika ndalamazo pampando wanga, n'kulowa m'nyumba akupapasa khoma.